M'mimba si mapapo: za madontho a okosijeni

Mwa malonda onse amene afika kuno ku Chipata kudzera pa WhatsApp ndi m'zikwama za anthu ovala bwino, amene andivutitsa maganizo kwambiri ndi a timabotolo ta madontho a okosijeni. Amati mudonthezere madontho 10 kapena 20 m'kapu ya madzi, katatu patsiku, ndipo thupi lidzalandira mpweya umene lakhala likusowa. Kutopa kudzatha, mutu udzaleka kuwawa, shuga adzatsika, BP idzakhazikika. Wogulitsayo akaona kuti mukumvetsera bwino amatsitsa mawu n'kuwonjezapo khansa ndi kachilombo. Ine ndikuti malonda awa ndi achinyengo, ndipo chinyengo chake sichifuna chikhulupiriro kuti muchione, chimangofuna masamu a kupulayimale. Kabotolo kakakhala kabwino, mwagula madzi amchere pamtengo wa mankhwala. Kakakhala koipa, mwagula mankhwala oyeretsera nsalu ndi mapepala.

Sindikudabwa kuti anthu amagula. Amene anali ndi wodwala m'chipatala mu Juni ndi Julayi 2021, pamene Covid inasakaza dziko lino la Zambia kachitatu, sadzaiwala mmene masilinda ankasowera ndi mmene banja lonse linkayang'anira kachubu kamene kali pamphuno pa atate awo. Miyezi imeneyo inatiphunzitsa kuti okosijeni ndi moyo ndipo akhoza kutha. Phunzirolo ndi loona. Wamalonda walitenga mmene lilili, n'kungosintha khomo lolowera: m'malo mwa mapapo, akuti m'mimba.

Tiyambe ndi dzina limene amalemba pakabotolo, lakuti okosijeni wamadzimadzi. Okosijeni wamadzimadzi alikodi. Zipatala zikuluzikulu zimamusunga m'mathanki apadera, ndipo amene amaulutsa maroketi amamugwiritsa ntchito. Koma kuti akhale wamadzimadzi ayenera kuzizira kufika madigiri 183 pansi pa ziro. Akangofunda pang'ono kuposa pamenepo amawira n'kubwerera kukhala mpweya. Dontho lake litagwera palilime lingaumitse mnofu nthawi yomweyo. Ndiye kabotolo ka pulasitiki kamene kayenda m'basi kuchokera ku Lusaka kudutsa kutentha kwa pa mlatho wa Luangwa, n'kudzagona pathebulo padzuwa la Okutobala, mulibe chinthu chimenecho. Muli china.

Kawirikawiri chimene chimakhalamo ndi madzi ndi kamchere. Izi zinayesedwa kale kumene malondawa anachokera. Mu 1999 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linasumira kampani ya Rose Creek Health Products chifukwa cha madontho otchedwa Vitamin O, amene ankalengezedwa ngakhale m'nyuzipepala yaikulu ya USA Today kuti amathandiza pa khansa, matenda a mtima ndi a m'mapapo. Bungwelo linanena poyera kuti m'botolomo mumaoneka kuti munali madzi amchere basi. Mu 2000 eni ake anavomera kulipira madola 375,000 obwezera ogula. Zaka zoposa 20 zapita, dzina lasintha kambirimbiri, koma madzi ndi omwewo, ndipo tsopano apeza msika kwa ife.

Tsopano masamu aja. Munthu wamkulu atangokhala pampando, osagwira ntchito iliyonse, thupi lake limadya okosijeni wokwana mamililita pafupifupi 250 pa mphindi. Pa sikelo ndiye mamiligalamu pafupifupi 350. Pa tsiku lathunthu zimafika theka la kilogalamu. Mnyamata amene akupalasa njinga atanyamula munthu ndi thumba la chimanga pachitunda amadya kuwirikiza kangapo pamenepo. Nanga madzi amasunga wochuluka bwanji? Lita imodzi ya madzi wamba imasunga mamiligalamu 8 kapena 9, ndipo kuno kumene tili pamtunda wa mamita oposa 1,000 imasunga ocheperako. Kuti mupeze okosijeni wa mphindi imodzi yokha m'madzi, mufunika kumwa zigubu ziwiri za malita 20 n'kuwonjezanso. Mpweya umodzi umene mwakoka powerenga chiganizo chino wakupatsani woposa amene ali m'malita atatu a madzi.

Wogulitsa adzati madontho ake si madzi wamba, ndi okhathamira, anapangidwa mwa njira yachinsinsi. Chabwino, timupatse zonse zimene akufuna. Madontho 20 amakwana mililita imodzi, imene kulemera kwake ndi galamu imodzi. Tiyerekeze kuti m'galamu imeneyo mulibe madzi, mulibe mchere, yonse ndi okosijeni yekhayekha, chinthu chimene n'chosatheka. Tiyerekezenso kuti yense walowa m'magazi popanda wotayika. Thupi lingamumalize m'mphindi zitatu. Tsiku lili ndi mphindi 1,440. Ngakhale bodzalo litakhala loona mpaka kumapeto kwake, palibe chimene mwapindula chimene simukanachipeza mwa kukhala pakhonde n'kupuma.

Pali kachenjerero kena kamene ndiyenera kukatchula, chifukwa ndi kamene kamapangitsa ena kulumbira kuti sakunama. Madzi alionse, a pachitsime, a mumtsinje wa Lutembwe, a mvula, pa kulemera kwake magawo 89 pa 100 ndi okosijeni. Koma ndi womangika ndi hayidirojeni, ndipo thupi silingamumasule kuti lipume naye. N'chifukwa chake munthu amafera m'madzi. Choncho wina akhoza kulemba kuti m'botolo mwake muli okosijeni wochuluka, osanama ngakhale chilembo chimodzi, koma atakuberani.

Ndipo ngakhale atakhalamo womasuka, njira yake si imeneyo. Mapapo ali ndi timatumba tampweya mamiliyoni mazanamazana, khungu lake lopyapyala kwambiri, ndipo kuseri kwake kumadutsa magazi onse a m'thupi mphindi iliyonse. M'mimba ndi m'matumbo munapangidwira chakudya ndi madzi. Mpweya ukachuluka mmenemo umatuluka mwa kugeya kapena njira inayo. Madokotala ena analemba m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2003 atayesa madzi a m'mabotolo owonjezeredwa okosijeni pa anthu ochita masewera olimbitsa thupi, ndipo sanapeze kusiyana kulikonse ndi madzi wamba.

Chimene chimanyamula okosijeni m'thupi ndi himogulobini, chija chimene chimafiiritsa magazi. Pafupifupi magawo 98 pa 100 a okosijeni wa m'magazi amayenda atakwera pa iye. Amene mwapitako kukiliniki posachedwa mwaona kachipangizo kamene anamwino amapanitsa pachala. Kamayaka kuwala kofiira kodutsa m'chikhadabo, kamaphethira pang'ono, kenaka n'kuonetsa manambala awiri, ina ya kugunda kwa mtima, ina ya okosijeni. Kwa munthu wa mapapo abwino nambalayo imakhala pakati pa 95 ndi 100. Tanthauzo lake n'lakuti himogulobini wadzaza kale, malo owonjezerapo palibe. Ndikanakonda wogulitsa aliyense akanayenda ndi kachipangizoka, apime wogula asanamwe madontho, apimenso atamwa, anthu onse akuona. Sindikhulupirira kuti angavomere.

Koma apa ndipamene nkhani imandikhudza mtima. Anthu amene amagula madonthowa ambiri sakunama kuti atopa. Mayi amene akuti akakwera kachitunda kopita kumsika mtima umagunda ngati uthyoka, chizungulire chimamugwira akaweramuka, miyendo ilibe mphamvu, akunena zoona. N'zothekanso kuti minofu yake ikulandiradi okosijeni wochepa. Chifukwa chake nthawi zambiri si kuchepa kwa mpweya, ndi kuchepa kwa magazi. Zili ngati chimanga chili mbwee kumunda koma ngolo zotutira n'zochepa: kuunjika china pamulu sikudzadzaza nkhokwe, chofunika ndi ngolo. Kachipangizo ka pachala kaja kakhoza kuonetsa 98 pa munthu wotereyu, chifukwa himogulobini wochepa amene ali nayeyo wadzazadi.

Vutoli ndi lalikulu kuposa mmene timaliganizira. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 58 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu, ndiponso amayi 31 pa 100 alionse a msinkhu wobereka, anali ndi magazi ochepa. Zoyambitsa zake tonse timazidziwa ndi maina: malungo amene amaswa maselo ofiira, njoka za m'mimba zimene zimayamwa magazi, likodzo kwa amene amasamba ndi kuchapa m'madambo, kutaya magazi ambiri pamwezi, mimba zotsatizana pafupipafupi, ndi chakudya chopanda ayironi wokwanira. Namwino wodziwa ntchito amayamba ndi chala chake. Amakokera pansi chikope cha m'munsi n'kuyang'ana mkati: mwa munthu wabwino mumakhala mofiira, mwa wochepa magazi mumakhala motuwa mbuu. Amatembenuza chikhatho, amayang'ana lilime. Kenaka amabaya chala kuti apime himogulobini. Ikatsika pansi pa 12 kwa mayi, 13 kwa bambo, kapena 11 kwa woyembekezera, ndiye kuti magazi achepa, ndipo funso lotsatira ndi lakuti chawadya n'chiyani.

Yankho la funsolo ndilo mankhwala. Akakhala malungo, Coartem. Zikakhala njoka, kam'bulu kamodzi. Amayi apakati amalandira mapiritsi a ayironi ndi foliki asidi kusikelo popanda kulipira, ndipo ambiri amawasiya m'kabati chifukwa amachititsa nseru ndi kudetsa chimbudzi, kenaka n'kukagula madontho amene sachititsa kanthu chifukwa mulibe kanthu. Pa chakudya, ndalama ya kabotolo kamodzi itapita ku kapenta, nyemba, chiwindi, mazira, nshawa zotendera bonongwe ndi chiwawa, thupi lingapeze chomangira magazi. Ndiwonjezepo kachinthu kamene ambuya athu sakonda kumva: tiyi womwera pamodzi ndi chakudya amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, pamene malalanje, magwafa ndi tomato zimamuthandiza.

Ena amabanika chifukwa mapapo enieniwo adwala. Chifuwa chachikulu chimayezedwa ndi kuchizidwa kwaulere m'zipatala za boma, ndipo chimatha ndi miyezi 6 ya mankhwala. Chibayo mwa mwana chimaoneka ndi kupuma mofulumira ndi nthiti kulowa mkati, ndipo mwana ameneyo afunika kuchipatala tsiku lomwelo, kumene angamupatse okosijeni weniweni wa pamphuno. Pali mphumu, pali mtima wotopa umene umatupitsa miyendo, pali fodya amene timalima tokha ndi kusuta tokha. Ndipo pali mbala ina imene imalowa m'nyumba zathu nyengo yozizira iliyonse, ife tomwe titaitsegulira chitseko. Mbaula ya makala ikamayaka m'chipinda chotseka imatulutsa mpweya wopanda fungo, wopanda mtundu, umene umakakamira pa himogulobini mwamphamvu kuposa okosijeni kuwirikiza nthawi zoposa 200. Banja limagona likumva kufunda, m'mawa ena akudandaula mutu, ena osadzuka. Amene akufunadi kuwonjezera okosijeni m'magazi a ana ake mu Juni atulutse mbaula panja asanagone. Sizifuna ngwee.

Mpaka pano ndakamba za madontho amene sachita kanthu. Pali mtundu wachiwiri umene umachita kanthu, ndipo umagulitsidwa ndi mawu ofanana nawo akuti okosijeni wokhazikika. M'menemo mumakhala sodium chlorite. Munthu wina wa ku America, Jim Humble, ankanena kuti anachiza malungo ndi madontho otere ali kofunafuna golide ku South America mu 1996, ndipo pambuyo pake anawapatsa dzina lakuti MMS, chidule cha Miracle Mineral Supplement. Malangizo ake amati muwasakanize ndi madzi a mandimu kapena asidi wina musanamwe. Mukatero mumapanga chlorine dioxide, mankhwala amene mafakitale amayeretsera mapepala ndi nsalu.

Bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, FDA, linachenjeza za madonthowa mu 2010, n'kubwerezanso mu 2019, litalandira malipoti a anthu osanza kwambiri, otsegula m'mimba kwambiri, amene BP inatsika mpaka kuika moyo pachiswe chifukwa cha kutha madzi m'thupi, ndi ena amene chiwindi chinaleka kugwira ntchito. Wogulitsa ali nalo kale yankho: musaope, ndi zoipa zikutuluka, ndiye kuti mankhwala akugwira. Mawu amenewa ndi oopsa kuposa kabotoloko, chifukwa amasandutsa chenjezo la thupi kukhala umboni, ndipo amagwirizana bwino ndi zimene ambiri tinakula tikumva, kuti mankhwala amphamvu ndi amene amatsuka m'mimba. Choseketsa chomvetsa chisoni n'chakuti chlorite akalowa m'magazi amawononga himogulobini yemweyo, n'kumusandutsa wosatha kunyamula okosijeni, ndipo amatha kuswa maselo ofiira. Munthu wagula madontho kuti awonjezere mpweya, milomo n'kuyamba kuda chifukwa chosowa mpweya. Ngoziyi ndi yaikulu kwa amene anabadwa ndi vuto la m'magazi lotchedwa G6PD, limene n'lofala m'madera a malungo ngati athu ano, ndipo ambiri amene ali nalo sadziwa.

Wina asaganize kuti izi ndi za kutali. Mu 2019 nyuzipepala ya The Guardian inaulula kuti mbusa wina wa ku America ankagawa MMS ku Uganda kudzera mwa abusa a m'midzi, ndipo anthu ofika 50,000, makanda omwe, anamwetsedwa. Anasankha matchalitchi chifukwa ankadziwa kuti chimene chaperekedwa ndi dzanja la abusa sichifunsidwa. Ku America komweko, mu 2023 khoti la ku Miami linapeza Mark Grenon ndi ana ake atatu olakwa pogulitsa madonthowa mobisala kuseri kwa tchalitchi chotchedwa Genesis II, ndipo awiri mwa anawo analamulidwa kukhala m'ndende zaka zoposa 12. Ifenso m'Zambia tinalawako zofanana nazo. Mu 2007 kunatchuka Tetrasil, amene ankati amachiza Edzi, mpaka akatswiri a boma ananena kuti ndi mankhwala ophera tizilombo m'madamu osambiramo.

Pano ndisiyanitse zinthu, kuopa kuti wina angataye chabwino. Clorin amene timathira m'chigubu cha madzi akumwa, makamaka kolera ikabuka ngati mmene inachitira kuyambira kumapeto kwa 2023, ndi chinthu china ndipo ntchito yake ndi ina. Muyezo wake ndi wochepa, timadikira mphindi 30, ndipo cholinga ndi kupha tizilombo m'madzi asanamwedwe, osati kuchiza munthu mkati. Pitirizani kuthira. Mtundu wachitatu wa madontho, hydrogen peroxide, nawonso uli ndi ntchito yake yoyenera kunja kwa thupi. Ndi uja amene amachita thovu akathiridwa pachilonda, ndipo thovulo ndi okosijeni weniweni. Wa pachilonda amakhala wa magawo 3 pa 100. Amene ena amagulitsa kuti azimwedwa atasungunulidwa amafika 35 pa 100, amawotcha kummero ndi m'mimba, ndipo thovu lija likalowa m'mitsempha limatseka njira ya magazi opita ku ubongo kapena kumtima.

Vuto n'lakuti wogula sangadziwe kuti wagwira mtundu uti. Mlamu wanga anandibweretsera kabotolo kena kuti ndimuwerengere. Kanali kobiriwira ngati thambo, kokhala ndi chithunzi cha phiri ndi timathovu, chivindikiro chake chodonthezera. Kutsogolo kunali zilembo zikuluzikulu za okosijeni ndi mphamvu. Kumbuyo, m'tizilembo tofuna magalasi, kunalembedwa madzi osungunula, mchere ndi timichere tina tosatchulidwa maina. Panalibe dzina la wobweretsa m'dziko muno, panalibe nambala ya chilolezo. Pansi penipeni panali chiganizo chonena kuti chinthuchi sichinapangidwe kuti chipime, chichize kapena chiteteze matenda alionse. Chiganizo chimenechi chimachokera ku lamulo la America la 1994 lokhudza zowonjezera pa chakudya, ndipo ndicho chishango cha kampani. Tsiku limene zinthu zidzavute, kampani idzaloza pamenepo n'kunena kuti ife sitinalonjeze kanthu. Lonjezo lonse linatuluka pakamwa pa amene anakugulitsani, m'Chinyanja, popanda pepala. Ndinafunsa kuti, "Alamu, nanga amene anakugulitsaniyo anakuwerengerani apa?" Anati, "Iyayi, anangoti ndi za malamulo a azungu, musazilabadire."

Pa khansa ali ndi nkhani imene amaikonda. Amati katswiri wina wa ku Germany, Otto Warburg, analandira mphoto ya Nobel mu 1931 chifukwa chotulukira kuti khansa singakhale pamene pali okosijeni. Munthuyo analikodi, mphotoyo analandiradi m'chaka chimenecho, koma inali ya kafukufuku wa mmene maselo amapumira. Chimene anaona pa khansa n'chakuti maselo ake amadya shuga mwa njira yowira ngakhale okosijeni alipo wokwanira. Ndiye kuti zimene anapeza zikutsutsa zimene amamunamizira. Ndipotu khansa imamera bwinobwino m'mapapo, mmene mpweya umadutsa usana ndi usiku. Khansa imene ikupha amayi ambiri m'dziko lino ndi ya khomo la chiberekero, imene imapimidwa kwaulere m'zipatala za boma ndipo ikapezeka msanga imachizika. Atsikana ali ndi katemera wa HPV, kachilombo kamene kamayambitsa khansayi, kuyambira 2019. Mayi amene akutaya magazi mosadziwika bwino akatha miyezi akudontheza madontho, pofika ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka amakhala atachedwa.

Ndikudziwa zimene ena akunena powerenga izi: koma ine ndinamwa ndipo ndinamva bwino. Sindikukutsutsani kuti munamva bwino. Taonani zimene malangizo aja anakuchititsani. Munayamba kumwa makapu atatu a madzi patsiku, mwina kwa nthawi yoyamba, m'dziko limene ambiri timayenda ndi ludzu osadziwa. Mwina anakuuzaninso kuti muchepetse mowa, shuga ndi mafuta kuti mankhwala agwire. Munagula pamene munali pofooka kwambiri, ndipo matenda ambiri, chimfine, kupweteka kwa msana, kutopa kwa nthawi yolima, amakwera n'kutsika okha. Ndiponso munthu amene walipira ndalama zambiri ndipo ali ndi chiyembekezo amamvadi kupepuka, zimenezo madokotala amazidziwa, n'chifukwa chake mankhwala enieni amayesedwa poyerekeza ndi mapiritsi opanda kanthu. Komanso maumboni amene timamva ndi a amene anachira okha. Amene sanachire sajambulidwa pavidiyo.

Kutsutsa kumene ndimakulemekeza ndi kwina. Munthu amati: wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapita kuchipatala m'mamawa, ndinakhala pamzere mpaka masana, anandiona mphindi ziwiri osandiyang'ana kumaso, n'kundilembera pepala kuti ndikagule ndekha. Uyu wa madontho anabwera kunyumba, anakhala pampando, anamva mavuto anga onse, ndipo mawa lake anaimba foni kufunsa mmene ndagonera. Ndalama ndi zanga, thupi ndi langa. Apa ndilibe chokana. Mizere ndi yaitali, ogwira ntchito ndi ochepa, ndipo kwa amene akhala kutali ndi Chipata Central, St Francis ku Katete kapena Mwami, ulendo wokha ndi ndalama. Wamalonda wapeza mpata umene zaumoyo zathu zasiya, ndipo amagulitsa kumvetsera kuposa mmene amagulitsira madontho. Azaumoyo ayenera kuchita nazo manyazi zimenezi.

Koma ufulu wosankha umayenda ndi kudziwa chimene ukusankha. Munthu atauzidwa kuti awa ndi madzi amchere, sachiza kanthu, koma ngati mukufuna gulani, n'kugula, ine ndingakhale chete. Sauzidwa zimenezo. Ndipo kawirikawiri womwa si wogula. Ndi ambuya akumudzi amene mwana wawo wa ku tauni wawatumizira, ndi mwana wodwaladwala amene sangakane. Choopsa kwambiri ndi pamene madontho alowa m'malo mwa china. Wa BP akasiya mapiritsi samva kanthu kwa miyezi, mpaka tsiku limene mbali imodzi yafa. Wa shuga amazindikira maso atayamba kuchita khungu kapena chilonda cha kuphazi chitakana kupola. Wa ma ARV akadukiza, kachilombo kamachulukanso ndipo kakhoza kuphunzira kupewa mankhwala amene ankamuthandiza. Ogulitsa ochenjera sanena kuti siyani mankhwala. Amangoti mudzaona nokha kuti simukuwafunanso.

Za ogulitsawo, mtima wanga ndi wogawanika. Ambiri si mbava. Ndi aphunzitsi ofuna kuwonjezera pa malipiro, amayi a m'kwaya, achinyamata amene anamaliza sukulu ntchito n'kusowa. Anaitanidwa ku msonkhano m'holo ina, anaonetsedwa zithunzi za magalimoto, anauzidwa kuti agule katundu woyambira ndi kubweretsa anzawo atatu. Ena anatenga ndalama ya chilimba, ena anakalowa kaloba. Katundu akakhala m'nyumba ngongole ikukula, munthu amayamba kukhulupirira kwambiri, ndipo oyamba kuwagulitsa ndi achibale, chifukwa ndiwo ovuta kukana. Iwonso anabedwa. Koma kubedwa sikupatsa munthu chilolezo chouza wodwala kuti kusanza ndi kuchira. Amene wavala gauni loyera ndi kudzitcha dokotala atangophunzira Loweruka limodzi adziwe kuti pamaliro anthu sadzafunsa za kampani ya kunja, adzafunsa za iye.

Lamulo lilipo. Medicines and Allied Substances Act ya 2013 inakhazikitsa ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, ndipo imaletsa kubweretsa, kulengeza kapena kugulitsa mankhwala popanda chilolezo cha bungweli. Bungwe loteteza ogula la Competition and Consumer Protection Commission lili ndi mphamvu pa malonda onamiza ogula. Chimene amalonda amadalira ndi kampata kaja: papepala ndi chowonjezera pa chakudya, pakamwa ndi mankhwala. Ine ndikuti chinthu chiziweruzidwa ndi zimene akuchinenera pochigulitsa. Ngati wanena kuti chimatsitsa shuga, chasanduka mankhwala, ndipo aonetse chilolezo. Ife a kum'mawa tili ndi chifukwa chapadera chofunira zimenezi, pakuti tili pamphambano. Katundu amalowa pa Mwami kuchokera ku Malawi, pa Chanida kuchokera ku Mozambique, ndi m'tinjira tambirimbiri ta njinga tosadutsa pachipata chilichonse, ndipo kabotolo kotere kamakwana m'thumba la malaya.

Zimene ndikupempha si zodula. Oyang'anira mankhwala agule timabotolo timene tikuyenda m'misika ya Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, akatipime, ndipo zotsatira zake zilengezedwe pawailesi m'Chinyanja, Chitumbuka ndi Chinsenga, dzina ndi dzina, kuti aka ndi madzi amchere, aka muli chlorite. Eni mawailesi asalandire ndalama ya pulogalamu ya mankhwala ochiza zonse asanaone pepala la ZAMRA. Abusa ndi akulu a mpingo asapereke mphindi za zolengeza kwa wamalonda wa zaumoyo, ngakhale atakhala wopereka chakhumi wokhulupirika. Ndipo amene muli nako kale kabotolo m'nyumba, katembenuzeni muwerenge kumbuyo. Mukaona chlorite, chlorine dioxide kapena peroxide, kapena malangizo akuti musakanize ndi mandimu, musamwenso ndipo musapatse mwana. Ngati wina wamwa n'kuyamba kusanza, kubanika kapena milomo kusintha mtundu, musamukakamize kusanza. Thamangani naye kuchipatala mutatenga kabotoloko, kuti adokotala aone chimene akulimbana nacho.